Akufa a M'chitini cha Mabisiketi

Ku ofesi kwathu palibe amene amandiitana dzina langa lenileni. Onse amati Mdani, kuyambira mlonda wa pageti mpaka akuluakulu a nyenyezi pamapewa, ndipo ine ndimayankha, poti ndiyo ntchito imene ndimadyera. Asilikali akafuna kupita kwinakwake sangodzuka n'kunyamuka. Amayamba atifunsa ife a m'chipinda chapansi, anthu wamba opanda yunifolomu, kuti tiyerekeze nkhondoyo isanachitike. Timalowetsa mu kompyuta kutalika kwa misewu, mafuta amene lole imamwa, chakudya cha munthu mmodzi patsiku, mvula ya zaka zam'mbuyo, kenako timapita patebulo la mchenga kukasewera. Anzanga amagwira timatabwa tabuluu, ndiwo asilikali athu. Ine ndimagwira tofiira, ndipo ntchito yanga ndi kuwapha.

Pakona pa tebulolo pamakhala chitini chakale cha mabisiketi, chadzimbiri m'mbali. Kompyuta ikanena kuti gulu lakutilakuti latha, kathabwa kake kamaponyedwa mmenemo, n'kumveka kho. Lamulo la chipinda chathu linali limodzi lokha: kathabwa kakalowa m'chitini sikatulukanso mpaka masewero atatha. Analiika ndi mkulu wathu, amene tonse timawatchula Aphunzitsi. Ndinawaonapo ndi maso angawa akumenya ndi lula dzanja la msilikali wina waudindo amene anafuna kubweza kathabwa kake mwakabisira. Anamuuza kuti kathabwa kamodzi ndi anthu odzaza lole, aliyense ali ndi mayi wake, ndipo kutchire kulibe munthu wotsegula chitini.

Aphunzitsiwa ndi amene ananditola. Anandipeza ndikuphunzitsa masamu ku sekondale, choko chili mbuu m'manja, n'kundiuza kuti mutu wanga ndi wankhanza moti ndi tchimo kuutayira pa ana. Bambo atamwalira anabwera kumaliro, anakhala nafe mpaka pomaliza. Kunena zoona ndinkawaona ngati bambo anga, ndipo akanandiuza kuti dzuwa lituluka kumadzulo ndikanayamba ndaona kumadzuloko ndisanawatsutse.

Chaka chimenecho zigawenga zinavuta kutsidya kwa mtsinje waukulu, kufupi ndi malire. Akuluakulu anaganiza zotumiza gulu la asilikali kukamanga msasa kumeneko mvula isanayambe. Msewu wopita kumaloko ndi umodzi, mlatho ndi umodzi. Gulu losankhidwalo ndi limene muli mlongo wanga wamng'ono, sajeni, mnyamata amene ndinamubereka kumbuyo mpaka msana kuphwanya. Ndinawauza Aphunzitsi tsiku loyamba lomwe, kuopa kuti angadzati ndinabisa. Iwo anangoti ndiye bwino, sewera ngati ukufunadi kumupha, chifukwa ukamumvera chisoni patebulo pano kutchire sakamumvera.

Ndinasewera motero. Msasawo sindinaukhudze n'komwe. Wopusa yekha ndiye amakagunda mpanda wa anthu okhala ndi mfuti zazikulu. Ndinkangodikira mvula. Ikagwa, misewu n'kusanduka phala, ndinkatumiza timatabwa tiwiri kukagwetsa mlatho, basi n'kupinda manja. Amayamba kutha ndi mafuta, kenako mankhwala, kenako chakudya. Abuluu akatopa n'kuyamba kubwerera wapansi, ndinkawadikirira pamtsinje. Tinabwereza kambirimbiri, kusintha apa, kusintha apo, koma chitini chinkadzaza ndithu. Mnzanga wa pakompyuta anafika pondipempha kuti ndizidya kaye ndisanabwere kuntchito, mwina mtima ungafeweko.

Yankho lathu linali losavuta: adikire mvula ithe, kapena ayambe aika mabwato ndi nkhokwe ya mafuta kutsidyako. Aphunzitsi anawerenga, anandisisita paphewa, anati ntchito ndi imeneyi. Ndinapita kunyumba mtima uli m'malo, ndikudziuza kuti mwana wa amayi ndamupulumutsa iye osadziwa.

Tsiku lokaonetsa akuluakulu, chipinda chathu chinakolopedwa mpaka kununkhira sopo. Anabwera m'mawa, nsapato zili phuliphuli, wamkulu wa onse ali patsogolo, mimba itatsogola. Aphunzitsi anavala suti imene ndinali ndisanaionepo. Tinasewera monga mwa nthawi zonse. Mvula inagwa, mlatho unagwa, ndipo timatabwa tabuluu tinayamba kulowa m'chitini kamodzikamodzi. Kotsiriza nako kanalowa, kho.

Wamkuluyo anatsokomola, anayang'ana wotchi, kenako anayang'ana Aphunzitsi. Ananena mofatsa kuti tsiku lonyamukira linalengezedwa kale kwa amene ali pamwamba pa iye, ndipo sanabwere kudzaonera maliro.

Apo ndi pamene ndinaona chinthu chimene mpaka lero sindinachiiwale. Aphunzitsi anatambasula dzanja, dzanja lomwe lija la lula, n'kutsegula chitini. Anakhuthulira timatabwa m'chikhatho, anatiuzira fumbi, n'kutiimikanso pamchenga mwadongosolo ngati akuyala mbale za alendo. Anati mwina mdani tamupatsa nzeru zopitirira muyeso. Zigawenga za kutchire zilibe zophulitsira mlatho, choncho ofiira asaukhudze. Za mvula, titenge ya chaka chatha, imene inachedwa kubwera.

"Koma bwana," ndinatero, "mlatho umene uja ngakhale moto wa matayala..."

"Mwana wangayu sakonda kugonja," anandidula Aphunzitsi akuseka. "Ndinamuphunzitsa ndine, vuto ndi langa."

Chipinda chonse chinaseka. Ndinaima pamenepo ngati mwana amene wakodza pamphasa pamaso pa alendo. Tinayambiranso. Mlatho atandiletsa, mvula ataichedwetsa, chimene chinanditsalira ndi kukagunda msasa, zomwe ndinkadziwa kuti n'zauchitsiru. Timatabwa tanga tofiira ndi timene tinadzaza chitini. Anawomba m'manja. Wamkulu uja anandigwira chanza mwamphamvu n'kuuza anzake kuti aonatu, ngakhale Mdani walephera. Aphunzitsi anawabwereza mawuwo, anati ndi abwino, ndipo ndi amene anakhala mzere woyamba wa lipoti lathu.

Masana ndinalowa mu ofesi mwawo osagogoda. Ndinawapeza akusenda lalanje ndi kampeni, jekete atalikoleka pampando. Sanadabwe. Anandiuza kuti ndikhale pansi, ine ndinakana. Anafotokoza modekha, ngati akundiphunzitsa masamu, kuti nkhaniyi inagamulidwa ife tisanafunsidwe. Tikanakana, asilikali akanapitabe, koma chipinda chathu akanachitseka, ndipo ulendo wina sipakanakhalanso wofunsa aliyense. Anati ataya masewero amodzi kuti apulumutse tebulo. Ndinawafunsa kuti tebulo lotsegula chitini lili ndi ntchito yanji, kusiyana ndi kungoyalapo nsalu tizidyerapo. Anandikumbutsa za lumbiro langa losunga chinsinsi, n'kundipatsa chibanthu cha lalanje.

"Za mlongo wako usadandaule," anatero. "Ndili ndi mnzanga kulikulu. Ndingoimba foni, amuika pa maphunziro a m'tauni. Sawoloka mtsinje."

Anali atakonzeratu ngakhale zimenezi, anadziwa pamene pali chingwe changa. Anthu odzaza malole aja, aliyense ndi mayi wake, anali atasanduka nkhani ya munthu mmodzi ndi foni imodzi. Ndinawada kwambiri nthawi imeneyo, makamaka chifukwa anandiwerenga bwino. Ndinawauza kuti aimbe, ndipo ndinatuluka lalanje lawo ndisanalilandire.

Loweruka masana ndinapita kunyumba za asilikali kukaona mlongo wangayo. Mlamu wanga anali akuyanika zovala, mimba itafika poti akawerama amayamba wapuma kaye. Anandilozera kuseri kwa nyumba. Mlongo wangayo ndinamupeza atakhala pa chidebe chovundikira, akupolisha nsapato zake zazikulu, akuimba mluzu. Atandiona anadzuka n'kundichitira sawasha yachipongwe, akuti wafika mdani wa dziko.

Ndisanakhale n'komwe anayamba kundisimbira zoseketsa. Akuti dzulo lake anaitanidwa ku ofesi n'kuuzidwa kuti wasankhidwa kukachita maphunziro m'tauni, akakhale pa desiki anzake akupita kutsidya. Iye anakana pomwepo. Anawauza kuti apatse wina wa mabondo ofooka.

"Wakana?" ndinafunsa.

"Nanga n'kuopa chiyani, achemwali? Abwana atiwerengera pa perete. Akuti akatswiri ayesa njira zonse, ngakhale Mdani walephera. Ine ndinawauza anyamata anga kuti Mdani ameneyo ndi achemwali anga, sanagonjepo chibadwire, ngakhale pa bawo bambo ankawathawa. Ngati alephera iwowo, ndiye kulibe chotiopsa."

Ananena monyada, mano onse ali pamtunda. Anawonjeza kuti anyamata awiri amene anali ndi tchuthi achibweza atamva zimenezo, wina mkazi wake wangochira kumene. Apo ndi pamene ndinamvetsa chimene Aphunzitsi anagulitsa tsiku lija. Sanagulitse lipoti, mapepala aja palibe msilikali amawawerenga. Anagulitsa ine, mbiri yanga ya zaka zonsezi yosagonja, imene anaimanga okha ndi manja awo, ndipo woyamba kugula anali mwana wa amayi anga.

Ndinasuzumira kukona kwa nyumba. Mlamu anali patali, akulimbana ndi shiti pachingwe. Lumbiro ndinalikumbukira bwinobwino, ndi zimene amachita nawo oliphwanya. Ndinakhala pansi pafupi naye n'kumuuza zonse motsitsa mawu: za mvula, za mlatho, za chitini ndi dzanja limene linachitsegula. Burashi inayamba kuyenda pang'onopang'ono pansapato, kenako inaima.

Anafunsa ngati pali amene angaimitse ulendowo. Ndinati palibe. Anafunsa ngati maphunziro aja anachokera kwa ine, ndinavomera, ndipo ndinamupempha, ndinachita kumugwira mkono, kuti Lolemba akanene kuti wasintha maganizo. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana.

"Ndiye anyamata aja apite okha? Ndawauza ndine kuti kuli bwino. Ndinatchula dzina lanu."

Anayang'ana nsapato imene inali m'manja mwake. Kenako anaiika pansi, anasalaza dothi ndi chikhatho, anasolola chingwe cha nsapatoyo n'kuchigoneka mokhotakhota. Anati uwu ndi mtsinje. Anathyola kamtengo n'kukaika mopingasa, mlatho. Anatola timiyala, tina anaunjika kutsidya, tina anandiika m'manja.

Mlamu anaitana kuchokera kukhomo kuti tiyi wapsa, tibwere asanazizire. Mlongo wanga anayankha mokweza, ndi mawu ansangala, kuti tikubwera, achemwali akundiphunzitsa kamasewero kena. Atatero anatembenukira kwa ine, nkhope itasintha, yausajeni.

"Ndionetseni mmene munatiphera," anatero. "Muyambire pamlatho. Pang'onopang'ono, kuti ndikakumbukire."

Ndinagwada padothipo n'kusuntha timiyala tiwiri kulowera pakamtengo kaja.