Kabokosi ka Kumanzere

"Ndakuuza kangati iwe, kuti ukatha kujambula tiana tako uzibwezera kamerayi pakati?"

A Gilibati anamenyetsa envelopu pa tebulo, zithunzi n'kumwazika. Margret, mwana wa mlongo wawo, anali asanatsamiritse n'komwe njinga pa khonde la kanyumba kawo kojambulira pa Mitundu. Fumbi la njira yochokera ku Nathenje linali litamuyeretsa nsidze.

"Mwadzuka bwanji amalume? Ine ndadzuka, zikomo pofunsa."

"Moniyo sunga. Taona izi."

Kamera inali imodzi, eni ake awiri. A Gilibati anabwera nayo kuchokera ku Kitwe, ku Zambia, kumene anakalambira atathawa kuno nthawi ija munthu ankasowa chifukwa cha mawu amene walankhula pa mowa. Atabwerera, zipani zitachuluka, anapeza mlongo wawo ali kumanda, mitengo imene ankaidziwa itathera m'zigafa za fodya, ndipo anzawo akale akuwapatsa moni wa mlendo. Chimene anapeza chamoyo ndi Margret yekha, ndi manja ake osachedwa kuphunzira. Ndiye anagawana: masiku ena kamera igone pa Mitundu, masiku ena ku Nathenje.

Inali kamera yamakono, yodzisakira yokha malo oti aoneke bwino. Ukasuzumira pa kabowo kake unkaona timabokosi titatu: kakumanzere, kapakati ndi kakumanja. Kamene wasankha podina kabatani ndi komwe kamera inkalunjika, ndipo olo uizimitse siinkaiwala. A Gilibati ankasankha kapakati, poti mwini chithunzi amaima pakati. Margret ankajambula otomerana, mapasa, amayi awiri ochokera ku sikelo. Anthu akaima awiri, kabokosi kapakati kankagwera pa mpata wa pakati pawo n'kulunjika khoma la kumbuyo. Iye ankasiya pa kakumanzere, ndipo kubwezera ankakana dala.

"Analamula ndani kuti pakati ndiye pake?" ankatero. "Inunso mukatha muzindibwezera kumanzere."

Lero mkanganowo unali utabala mlandu. Bwana Calvin, mwini esiteti ya fodya ya kufupi ndi Malingunde, ankapikisana nawo pa chisankho chapadera cha phungu. Anafuna chithunzi chomata m'mitengo: iwo pakati pa matenanti awo, kutsogolo kwa chigafa. Pojambula anadzitsogoza, chifuwa chili patsogolo, anthu awo atandanda kumbuyo. A Gilibati sanayang'ane timabokosi, ndipo anadina kamodzi kokha monga ankachitira posunga filimu. Filimu itatsukidwa m'tauni, bwana anatuluka mbuu, ngati munthu woonekera mu utsi. Amene anatuluka bwino ndi tenanti wa kumanzere: bambo wowonda, malaya ong'ambika pa phewa, maso ali pa kamera, osamwetulira. Ulusi uliwonse wa malayawo unkaoneka.

Margret anachiyang'anitsitsa. "Koma chithunzichi n'chabwino, amalume. Kungoti mwini wake wasintha."

"Ukuseka? Munthu ameneyu ndi amene amatiitanira maukwati a m'maesiteti onsewa. Akubwera m'mawa uno."

Pa khonde panamveka odi wapansipansi. Anali mayi wa duku lakuda, mwana kumbuyo, kamtolo ka katundu ali nako m'manja. Anagwada pakhomo nati dzina lake ndi Enelesi. Malankhulidwe ake anali a ku Phalombe.

"Ndamva kuti amuna anga anajambulidwa nawo tsiku lija kwa bwana. A Luka. Tinawaika sabata yatha, chifuwa. Akapitawo akuti nyumba ikufunika, kukubwera banja lina, ndiye ndikupita kwathu lero. Makolo awo ku maliro sanafike, kutalika. Ndimati mwina nkhope yawo ikuonekako olo pang'ono, ndikawaonetse. Chibadwire sanajambulitsepo."

Margret sanafunse amalume ake. Anatola chithunzicho n'kuchiika m'manja mwa mayiyo.

Enelesi sanalire. Anachigwira m'mphepete ndi zala zonse, nachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndi iwowa," anatero. "Malaya awa ndinkati ndisoke, iwo ati dikira tigulitse kaye fodya."

A Gilibati anatsegula pakamwa kuti alankhule, koma panja panaima galimoto. Anatsika bwana Calvin ndi anyamata awiri ovala malaya a nsalu ya chipani. A Gilibati ankawadziwa bambo ake a munthuyu, amene pa nthawi yawo ankayendanso ndi anyamata awiri, ovala nsalu ya mtundu wina. Mwana anatengera zonse, ngakhale kalowedwe kosaodira.

"Achimwene a ku Zambia! Zatuluka?"

"Zatuluka bwana, koma chachikulucho chalakwika. Tikhoza kujambulanso lero lomwe."

Bwana anaona chithunzi m'manja mwa mayi uja. Anawerama, nachiyang'ana osachigwira. Kumwetulira kunatha.

"Ine ndili pati apa?"

"Muli pakatipo," anayankha Margret. "Chipewa chikuoneka."

"Kujambulanso si nkhani," bwana anatero, akuyang'ana a Gilibati okha. "Koma ichi chisatuluke muno. Chikangofika kwa anzanga aja, mawa chili pa mtengo uliwonse, ati taonani mmene amasungira anthu. Mundipatse, ndi negetivu yake yomwe. Tiwotche, nkhani ithe."

"Mayiwa ndi akazi awo a malemu Luka," anatero Margret.

"Ndikuwadziwa. Bokosi ndinagula ndine. Mayi, bweretsani kuno."

Enelesi anaweramitsa mutu monga anazolowera, koma zala sizinamasuke.

A Gilibati ali mnyamata anaonapo anthu a chipani akutsegula kamera ya munthu pa msonkhano, n'kusolola filimu yonse padzuwa, mwini wake akuwomba m'manja kuthokoza kuti amusiyira mano. Ku Kitwe ankawerenga chilichonse cholembedwa za kwawo, akudzinamiza kuti tsiku lobwerera adzapeza dziko lina. Anapeza lomwelija, litangochapa kumaso.

"Chithunzi chimenecho chachoka kale m'manja mwanga," anatero.

"Ndiye chitengeni."

"Sinditenga."

Bwana anaseka pang'ono. "Mdala, mwakhalitsa kunja. Simukudziwa mmene zinthu zimayendera kuno."

"Ndikudziwa bwino. Ndinazisiya zikuyenda choncho, ndazipeza zikuyenda choncho. Mwangosintha telala."

"Mukudziwa kuti ndikalankhula kamodzi, simudzapondanso pa esiteti iliyonse kuno? Ukwati, ubatizo, chikondwerero cha fodya, zonse mudzazimvera kwa anthu."

A Gilibati ankadziwa kuti si bodza. Maukwati a m'maesiteti ndiwo ankawagulira filimu ndi mabatire. Anayang'ana Margret, poti kamerayo ndi imene inkamudyetsa iyenso.

"Ku Nathenje ana amabadwa tsiku lililonse, bwana," anatero Margret. "Ndipo saopa kamera."

Mnyamata mmodzi anasendera kwa Enelesi, dzanja litatambasuka. A Gilibati anaima pakati pawo. Anali munthu wamfupi, wa imvi, jekete lake la ku Zambia litayera m'zigongono, ndipo mnyamatayo akanatha kuwakankha ndi dzanja limodzi.

"Dzera pa ine, mwana wanga," anatero mokweza. "Koma uyambe wayang'ana pa windo."

Pa windo ndi pakhomo panali patadzaza. Amayi ogulitsa tomato, wokonza njinga, anyamata oitanira maminibasi, onse anali atasiya zawo atangoona galimoto ya munthu wofuna mavoti. Wina kumbuyo anafunsa kuti kwatani, wina n'kuyankha kuti akulanda chithunzi cha maliro kwa namfedwa. Mawuwo anayenda msanga, akunenepa m'njira. Bwana Calvin anawamva. Anakodola mnyamata uja kuti abwerere, nayesa kumwetulira kwa anthu a pa windo.

"Palibe akulanda, amayi anga. Tikungokambirana. Chithunzichi ndi changa, ndinaitanitsa ndine. Muli nkhope yanga."

Apa m'pamene Enelesi anadzutsa mutu.

"Achemwali," anauza Margret, "mungandibwerekeko sizasi?"

Margret anatenga sizasi yodulira m'mphepete mwa zithunzi n'kumupatsa. Enelesi anakhala pansi, nayala chithunzi pa bondo. Anadula mosamala, monga amadulira nsalu yoperewera, kutsata phewa la mwamuna wake mpaka kumapazi. Kachidutswako anakaika pa chifuwa, mkati mwa bulauzi. Chotsalacho anachinyamula ndi manja awiri, atagwada, mwaulemu wonse.

"Awa ndi anga. Awa ndi anu, bwana. Zikomo chifukwa cha bokosi."

Pa windo wina anaphulika kuseka, ena n'kutsatira. Bwana anaima ndi chithunzi cha munthu wa mbuu m'manja, osadziwa kuti achiponye kapena achisunge.

"Negetivu," anatero chapansipansi.

A Gilibati anasolola kamzere ka filimu mu envelopu, nakayang'ana pa kuwala mpaka anapeza malo ake. Anadula kachigawoko, nakakulunga m'pepala loyera. Bwana anatambasula dzanja. A Gilibati analidutsa dzanjalo n'kuwerama kwa Enelesi.

"Mayi, aka ndiye mayi wake wa chithunzi. Kulikonse kumene amatsuka filimu akhoza kukutulutsirani china, chachikulu, choti makolo apachike. Musakagwire pakati, musakaike padzuwa."

"Mwasankha nokha, mdala," anatero bwana Calvin.

"Eya. Ati masiku ano timasankha."

Galimoto inanyamuka ndi fumbi, koma inanyamula munthu mmodzi. Anyamata awiri aja anatsala. Anawoloka msewu n'kukatsamira pa khoma la golosale, pafupi ndi siteji ya maminibasi a ku Lilongwe, manja ali m'matumba.

A Gilibati anawayang'ana kanthawi. Kenaka anamanga mabatani a jekete, navala chipewa, nanyamula kamtolo ka Enelesi.

"Mukupita kuti amalume?" anafunsa Margret.

"Ku depoti ku Lilongwe. Ndikawakweze basi ya kwawo ndikuona ndi maso angawa. Iwe tseka pano, wina akafunsa umuuze kuti lero sitijambula."

"Nanga za maukwati aja?"

"Tidzaona. Tiyeni mayi."

Anawoloka msewu pang'onopang'ono, iwo ali mbali ya anyamata aja, Enelesi mbali inayo. Pa minibasi anamulowetsa mayiyo kaye mpaka pa windo, mwana ali pa miyendo, iwo n'kukhala cha kukhomo. Kondakitala anawapempha kuti asendere mkati, malo alipo. A Gilibati anakana, nagwira chitseko ndi dzanja lawo, maso ali pa anyamata aja, mpaka minibasi inadzaza.