Galimoto ya Masekondi Khumi ndi Imodzi

"Sanatsegule n'komwe," anatero Boyd, akutembenuza kabokosi kofiira m'manja mwake. Pulasitiki ya kusitolo inali ikadali yosang'amba.

Twyla, mlongo wake wamng'ono, anali kupukuta boneti ya galimoto ya Camaro ya bambo awo kachitatu m'mawa umenewo, pamene panalibe fumbi ngakhale la mankhwala. Chimwalirireni bambowo, a Harlan Tackett, Lolemba, manja ake ankakana kukhala. Anatsuka makapu otsukidwa kale, anasanja masipanala kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu, kenako n'kuwasanjanso mobwerera. Thupi analiwotcha Lachitatu monga anafunira mwini wake, mapemphero anachitika Lachinayi, ndipo tsopano kunatsala chinthu chimodzi. Mawa, Loweruka, galimotoyo inkayenera kuthamanga ulendo womaliza kubwalo la mpikisano, phulusa la mwini wake lili pampando. Kuno ku Kentucky munthu wa liwiro timamutsanzika choncho, ndi kota imodzi ya mailo, anzake atavula zipewa.

Vuto linali loti galimotoyo sinali yokonzeka. M'nyengo yozizira a Harlan anaimangirira chopopera mpweya pamwamba pa injini, koma kompyuta ya injiniyo inali isanauzidwe za mlendoyu. Pankafunika kachipangizo kotchunira, kamene amakalumikiza pansi pa chiwongolero kuti kauze injini mafuta ndi moto zimene iyenera kulandira. Ndipo tizipangizo tinalipo tiwiri pabenchi. Kofiira anatumiza ndi Boyd kuchokera ku Ohio pa tsiku lobadwa la bambo ake, ndipo kankalola munthu kumasula chilichonse mu injini. Kakuda anakakatenga malemuwo kwa a Otis Mabry, mnzawo wotchuna mainjini, kutatsala masiku awiri kuti mtima wawo uime. Kamodzi kakalowa kamamangirirana ndi galimotoyo. Anthu a ntchitoyi amati kakwatiwa, ndipo chisudzulo chake si cha tsiku limodzi.

Boyd anali atasankha kale, ndipo ndani akanadabwa? Anali kuzungulira galimoto uku akulankhula, ngati munthu wogulitsa malata, imene inalidi ntchito yake. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, anati, abambo anasakasaka masekondi khumi ndi kanthu, osawapeza. Nthawi yawo yabwino inali 11.02. Bwalo lonse linkawatchula kuti Bambo Leveni. Iye anali atapeza kale malangizo a injini kwa anyamata ena a pa intaneti, olonjeza mphamvu ya mahatchi mazana asanu ndi awiri, ndipo mawa adzawapatsa bambo ake chimene anachifuna moyo wawo wonse.

"Achimwene, munaponda liti galimoto pabwalo komaliza?" anafunsa Twyla.

"Liwiro saiwala, iwe."

"Zaka khumi ndi ziwiri. Ndipo mulibe khola lachitsulo loteteza woyendetsa muno. Lamulo mukulidziwa, galimoto ikatsika pansi pa leveni amafuna mapaipi owotcherera."

"Pa ulendo wa maliro? Adzatseka diso. Iwe yendetsa basi yako ya ana asukulu, zinazi utisiyire."

Twyla anali woyendetsa basi ya sukuludi, ndipo sankachita nazo manyazi. Koma mantha anali nawo, ndipo anali mantha enieni. Khoma la simenti la kubwaloko ankalidziwa bwino. Ali ndi zaka khumi ndi zitatu anaona galimoto ina italipsompsona, ndipo woyendetsa wake sanayendenso ndi miyendo yake. Injini yosayesa, malangizo a anthu osawadziwa, ndi mchimwene wake wamakani pachiwongolero: mtima wake sunapeze poima.

Twyla analowa m'nyumba kukafuna thandizo. M'khitchini munalibe poika chigongono, chifukwa amayi a kutchalitchi anali atadzaza paliponse ndi mbale za nyama ya nkhumba, makaroni ndi makeke, zokwanira maliro atatu. Mayi ake, mayi Verna, anali pampando wawo wa pawindo, ndodo ili pakati pa mawondo. Chiuno chawo chinasweka kalekale atagwa pamakwerero kufakitale ya nsapato, ndipo kuyambira pamenepo mwendo wamanzere sunkanyamuka kupitirira chikhatho kuchokera pansi. Anamvetsera mwana wawo mpaka anamaliza, maso ali panja.

"Za galimoto musandifunse," anatero. "Ndalandira mmodzi m'kabokosi sabata ino. Wandikwanira."

Mawu amenewo sanathandize kanthu, anangowonjezera mtolo. Twyla anatenga kachipangizo kakuda, n'kutenganso chitini cha mabisiketi chimene bambo ake ankasungamo timapepala ta nthawi ta kubwalo, osadziwa ngakhale chimene ankachitengera. Anati akupita kwa a Otis. Boyd anati nayenso apita, kuopa kuti nkhalambayo ndi mlongo wake angamupangire upo. Njira yonse Boyd anali kusintha wailesi, kutsitsa galasi, kulikwezanso.

Anawapeza a Otis atakhala pa tayala kunja kwa galaja yawo, akudya buledi ndi soseji, mafuta akuda ali m'zikhadabo monga mwa masiku onse. Anali munthu wamfupi, wosathamangira mawu. Anapepesa maliro kachiwiri, ngakhale anali atapepesa kale dzulo lake, kenako anaona kachipangizo m'manja mwa Twyla ndipo anasiya kutafuna.

Boyd sanazungulire. Anafunsa kuti kakudako kadzathamangitsa galimoto masekondi angati.

"Leveni," anatero a Otis. "Leveni ndi pang'ono. Uponde mpaka phazi lituluke pansi, sidzatsika."

"Ndi chopopera chonsecho? Ndiye munawabera, ankolo. Munthu akudalireni zaka zonsezi, inu n'kumamupatsa galimoto yomanga miyendo?"

"Khala pansi, mwanawe, ukundizunguza mutu. Anandiuza yekha kuti ndilembe choncho."

Boyd sanakhale. A Otis anapukuta zala pathalauza, napempha chitini chija. Anakhuthulira timapepala pa boneti ya galimoto ya kasitomala, n'kuyamba kutisanja ndi chala. 11.04. 11.09. 11.02. 11.06. Chaka ndi chaka, nambala yomweyomweyo ngati ya munthu wolodzedwa. Anati ana a masiku ano amangowerenga nambala yapansi basi, monga wodya chitumbuwa wosafunsa ufa. Anawauza ayang'ane liwiro la pakati pa mtunda, kenako la kumapeto.

Twyla anawerenga. Pakati, mamailosi 103 pa ola. Kumapeto, 105. Anatenga kena, n'chimodzimodzi. Kena, n'chimodzimodzi.

"Galimoto imene ikupondedwa imawonjezera makumi awiri ndi asanu pamenepo," anatero a Otis. "Iyi imawonjezera awiri. Bambo anu ankachotsa phazi. Ulendo uliwonse, zaka zonsezi. Galimoto ija inali yokhoza kale kulemba teni inu mukadali kusekondale."

Kumsewu kunadutsa thirakitala, ndipo onse atatu anaiperekeza ndi maso ngati ili ndi yankho.

A Otis anafotokoza pang'onopang'ono, ndipo ankaoneka kuti zikuwawawa kuswa lonjezo. Tsiku limene galimoto idzalembe teni, akubwalo sadzailolanso kuthamanga popanda khola. Khola la lamulo la kumeneko lili ndi paipi yopingasa pachitseko chilichonse, yofika m'chiuno mwa munthu atakhala. Mnyamata amailumpha osaganiza. Koma mayi Verna, ndi mwendo wawo uja, sakanalowanso m'galimotomo mpaka imfa. Ndipo Lamlungu lililonse, akaweruka kutchalitchi, a Harlan ankawatenga mu Camaro yomweyo kukadya ayisikilimu kutauni, ulendo wa mamailosi asanu ndi anayi umene ankautalikitsa dala podzera kumafamu a fodya.

"Nanga chopoperacho ankachimangiriranji?" anafunsa Twyla.

A Otis anaseka koyamba. "Mwamuna ndi mwana, iwe. Ankafuna kumva kulira kwake, ndiponso anzake asiye kumunena kuti wakalamba. Koma anadziwa kuti ndi mphamvu imeneyo phazi lokha silikwanitsa kunama. Ndiye anati, Otis, undilembere choti chizindigwira chokha. Ndipo Verna asamve, angandikakamize kuwotcherera mapaipiwo kuti asakhale chifukwa."

Boyd anali atatembenukira kukhoma. Khosi lake linali litafiira, ndipo Twyla anamumvera chisoni, chifukwa ankadziwa chimene chinkamudya. Munthu unasunga ndalama, unasankha mphatso yabwino koposa m'sitolo monse, ukuti bambo anga aone kuti ndimawamvetsa, kenako n'kupeza kuti sunkawadziwa n'komwe.

"Ndiye kanga kaja ankangokaseka," anatero Boyd, mawu ali otsika.

"Ayi. Anabwera nako kuno, akukaonetsa aliyense ngati chikho. Anati, Boyd wandigulira chenicheni, ndipo n'chifukwa chake sindikatsegula. Ndikangokalowetsa sindidzatha kudziletsa."

Pobwerera wailesi sinakhudzidwe. Boyd anatenga chitini pamiyendo, akutulutsa kapepala kamodzikamodzi, kuwerenga, kubwezera. Pena anaseka yekha m'mphuno. Anakumbutsa mlongo wake mmene bambo awo ankatulukira m'galimoto kumapeto kwa mpikisano, akumenya denga ndi chipewa, akutukwana matayala, mphepo, mafuta, ngakhale boma, ndipo anthu n'kumawagwira paphewa kuti chaka chamawa zitheka. Twyla anati iye ankawalirira ali mwana, poganiza kuti Mulungu akuwamana dala. Onse awiri anavomereza kuti mkuluyo anali kathyali, ndipo atatero misozi inabwera, ya aliyense payekha, wina akuyang'ana msewu, wina akuyang'ana minda.

Atafika kugalaja ya kunyumba, Twyla anaika kakuda pabenchi pafupi ndi kofiira, n'kukaima pakhomo, mikono atapinda kuti manja asayambenso kupukuta zinthu. Boyd anaima nthawi yaitali. Kuuma mutu sikutha tsiku limodzi, ndipo Twyla ankaona kuti nkhondo ikadalipo, chifukwa mawa bwalo lonse lidzakhala likuyang'ana bolodi losonyeza nthawi, ndipo mwana wa Bambo Leveni adzatuluka ndi leveni yemweyo.

"Adzandiseka," anatero Boyd.

"Adzakusekani."

"Ndipo sitingawauze."

"Sitingawauze."

Boyd anatenga kakuda. Anagwada pambali pa mpando, mutu pansi pa chiwongolero, akufufuza polumikizira ndi zala, uku akudandaula za mawondo ake. Kagalasi kanayaka, kakufunsa ngati akutsimikiza, ndipo iye anadina. Kamzere kanayamba kudzaza pang'onopang'ono, mphindi khumi ndi ziwiri zimene sukhudza kiyi kapena chitseko. Boyd, amene chifikireni Lachiwiri anali asanakhale pansi mphindi ziwiri zotsatizana, anadikira atagwada pomwepo mpaka kanadzaza.

Injini inadzuka ndi kamodzi. Mawindo a galaja ananjenjemera, ndipo pamwamba pa kugunda kwakeko pankamveka kamluzu kakang'ono ka chopopera, kamene mwini wake sanakhale ndi mwayi wokamva. A Otis anali atanena kuti ikadzuka aiyendetse mamailosi angapo pang'onopang'ono, kuti kompyuta izolowere. Boyd anaitulutsa chambuyo n'kuiimika pabwalo la nyumba.

Chitseko cha kukhitchini chinatseguka. Mayi Verna anatsika masitepe atatu a pakhomopo mmodzimmodzi, ndodo patsogolo, atavala juzi yawo yabuluu, kachikwama kali pamkono. Kaya ankadziwa zonse kuyambira kale, kaya sankadziwa, Twyla sanafunse, ndipo sadzafunsa.

"Mukukaiyesa?" anatero. "Ndipita nawo. M'nyumbamu mwadzaza makaroni."

Anayenda mpaka kumbali ya wokwera, n'kuima. Boyd anadikira ali pachiwongolero, injini ikugunda. Mayiwo sanagwire chitseko. Anangoima chilili, manja onse awiri ali pandodo, akuyang'ana kumsewu, osapupuluma, ngati munthu wodziwa kuti chinachake chichitika chifukwa chimachitika nthawi zonse. Pamenepo Twyla anazindikira kuti chibadwire sanaonepo mayi ake akudzitsegulira chitseko chimenecho.

Boyd nayenso anaona. Anatuluka mofulumira, anazungulira kutsogolo kwa boneti, n'kutsegula chitseko mpaka kumapeto. Mayi ake anamupatsa ndodo osamuyang'ana, anakhala chammbali pampando, n'kudikiranso, mwendo wamanzere uli m'kati mwatheka. Boyd anawerama, naunyamula ndi manja awiri.

"Pang'onopang'ono," anatero mayi Verna. "Bambo ako ankayamba aika dzanja pansi pa bondo."