Woponya Wamanzere ndi Mitengo Isanu ya Manachesi

Ine ndi alamu anga a Luckson sitinagwirizanepo chikhalire. Chikwatirireni mlongo wawo Deliwe n'kudzakhala pachikamwini kwa Kanduku kuno, amandiyang'ana ngati mbuzi yolowa m'munda mwawo. Chimene chinkawadya mtima kwenikweni ndi mitengo yanga isanu ya manachesi kuseri kwa nyumba. Ndinaidzala ndekha chaka chimene mwana wanga Iness anabadwa, madzi ndikuchita kutunga kudambo chilimwe chonse. Wapakati, wobereka kwambiriwo, timautchula kuti mtengo wa Iness.

"Dothi ndi lathu," ankatero a Luckson. "Mkamwini azidzala chimanga, osati mitengo. Mukufuna kumera mizu pano?"

Ine ndine Mateyu, ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto pa boma. Pa siteji amanditchula Kochi, chifukwa pa masewera a pafoni osankha osewera mpira wa ku Mangalande palibe amene anandigonjetsapo zaka zitatu zotsatizana. Dzinalo ndinkalikonda, musandifunse.

Ndiye Malcolm, msuweni wa akazi anga amene amasamalira nkhalamba ku America, anatsegula gulupu ya pafoni ya anthu asanu ndi atatu, ine ndi a Luckson tili momwemo. Akuti tiyese masewera akumeneko, besibolo. Palibe mmodzi wa ife amene anaionapo ndi maso. Anatifotokozera pa voisi kuti pali woponya mpira ndi womenya ndi chibonga. Iwe umapatsidwa ndalama zabodza, n'kugula osewera enieni pamsika wa mufonimo. Akachita bwino kwawoko, iwe umalandira mapointi ndipo mtengo wawo umakwera. Ukhozanso kusinthana osewera ndi mnzako wa m'gulupu, mukagwirizana.

Ndinamvera theka la voisiyo n'kuitseka. Mpira ndi mpira basi. Kugula motchipa, kugulitsa pokwera, ndani angandiphunzitse?

Tinakumana pa golosale ya a Karim, pamene timatchajitsa mafoni. A Luckson anali pakhonde, akusenda chinangwa chootcha.

"Kochi wa m'thumba," anatero anthu onse akumva. "Uku kulibe zoloweza. Tikuonerani."

"Inu alamu, ngakhale bawo imakukanikani."

"Ngati ndinu mwamuna, ikani mitengo ija."

Ndinati ikhale choncho. Ndikamaliza ligi pamwamba pawo, asadzatchulenso za mitengo mpaka imfa. Akamaliza pamwamba panga, mitengo isanu yonse ndi yawo. A Karim anayesa kutiletsa, amvekere, "Abale, izi ndi za pafoni chabe." Ife tinagwirana chanza mofinyana, anthu asanu ndi mmodzi akuona. Deliwe sindinamuuze.

Ndalama zanga zambiri ndinathira pa woponya mmodzi, wamtali ngati mlongoti, woponya ndi dzanja lamanzere. Dzina lake linkatipinda lilime, choncho tinkangoti Wamanzere. Mmawa woyamba ndinakwera pachulu pamene timapezera netiweki, ndipo ndinakuwa ndekha. Wamanzere anandipatsa mapointi oposa timu yonse ya a Luckson! Ndinalemba pagulupu kuti alamu ayambe kuzolowera kugula manachesi pamsika.

Tsiku lachiwiri, Wamanzere ziro. Sanasewere. Lachitatu, ziro. Lachinayi, zironso, pomwe timu yake ikusewera tsiku ndi tsiku.

Ine mpira ndimaudziwa. Wosewera wamkulu akakhala pabenchi magemu atatu otsatizana, ndiye kuti wayambana ndi kochi kapena wavulala ndipo akubisa. Lamulo langa, limene linandipatsa dzina pa siteji, ndi lakuti munthu wotere umamutaya msanga anzako asananunkhize. Mtengo wake unali utatsika pang'ono.

Tsiku lachisanu, zironso. Ndikutsika pachulu ndinapeza a Luckson atakhala pa mwala, nkhope yachisoni ngati ali pamaliro.

"Munthu wanu uja watha, alamu. Ndamva chisoni. Ndikupatseni Chibonga wanga, inu mundipatse chiphaphacho. Ndife pachibale."

Chibonga anali womenya wawo wonenepa, amene sabata imeneyo anatulutsa mpira kunja kwa bwalo katatu. Mtengo wake unali ukukwera tsiku lililonse. M'mtima ndinaseka. Ndinati chitsiru ichi chadzibweretsa chokha. Ndinadina pomwepo, iwo n'kuvomera msangamsanga.

Mmawa mwake Wamanzere anaponya. Mapointi ake anali ochuluka kuposa a tsiku loyamba, ndipo onse anagwera kwa a Luckson.

Malcolm anatumiza voisi akuseka mpaka kutsokomola. "Alamu a Mateyu, mwatani? Ndinanena pa voisi ija! Woponya woyambitsa gemu saponya tsiku lililonse. Mkono umatopa. Amaponya kamodzi, n'kupuma masiku anayi, anzake akusinthana. Si benchi imeneyo!"

A Luckson anangoikapo chithunzi cha nachesi losenda.

Ndinawapeza akumanga mbuzi. "Munadziwa!"

"Ndinamvera voisi mpaka kumapeto. Inu munali otanganidwa ndi ukochi."

"Ndi kuba kumeneku. Bwezani munthu wanga."

"Munadina ndi chala chandani? Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo, alamu."

Ndikanakhala ndi chikwanje tsiku limenelo, sindikudziwa. Ndinawada munthu ameneyu, kudana nawo kwenikweni, mpaka malovu kuwawa m'kamwa.

Chibonga naye anazizira. Sabata ziwiri osamenya kanthu, mtengo wake kugwa ngati wa tomato wa madzulo. Chikomekome cha mkuyu. Ndinamugulitsa motaya.

Koma sindinagone pansi. Ndinamvera voisi ija katatu. Ndinatenga kalendala ya ku tchalitchi n'kuyamba kulemba tsiku loponya la woponya aliyense wotchipa. Ndinkamugula kutatsala tsiku limodzi, akaponya bwino mtengo n'kukwera, ine n'kumugulitsa, n'kugula wina amene tsiku lake layandikira. Omenya ndinasiya kuthamangira amene awala sabata imodzi. Ndinkafuna odziwika amene azizira kwa kanthawi, eni ake atatopa nawo. Awiri ndinawalanda choncho kwa anyamata a pa siteji a m'gulupu mwathu, ndipo anadzuka ali m'manja mwanga. Makasitomala ena ndinkawasiya akuyitana, ine maso ali pafoni.

Kuchoka pa nambala seveni ndinafika pa folo, kenako pa fili. A Luckson anali pa thuu. Iwo sankachita chilichonse. Ankangokhala pa Wamanzere ngati nkhuku pa mazira, tsiku lachisanu lililonse n'kutolera.

M'mwezi wa Julaye manachesi atapsa, a Luckson anayamba kumazungulira mitengo ija manja ali kumbuyo, akuyang'ana nthambi.

"Muzithirira bwino, alamu. Sindifuna kulandira zofota."

Deliwe anamva ali pamtondo. Anaimika musi. "Achimwene akutanthauza chiyani, bambo a Iness?"

Ndinamuuza. Sanakuwe. Anangoti, "Mwabetcha mtengo wa mwana pa anthu amene sakudziwani n'komwe." Anapita kwa mlongo wake kukadandaula, koma anabwerako maso ali ofiira. Akuti mawu a amuna ananenedwa pamaso pa mboni, ndipo dothi ndi la mbumba yawo kale.

Sabata yomaliza ya Seputembala ndinawapitirira a Luckson. Ndi mapointi naini okha, koma ndinawapitirira! Kunatsala tsiku limodzi. Ndinatsegula kalendala yanga kuti ndione amene akuponya, ndinawerenga, n'kuwerenganso kuchokera kumbuyo. Linali tsiku la Wamanzere.

Ndinawatumizira pempho losinthana. Oponya anga awiri abwino ndi womenya wanga wamkulu, onse atatu pa munthu mmodzi. Anakana. Ndinapita ndekha kunyumba kwawo, ine Kochi, chipewa chili m'manja.

"Alamu, tengani inayi. Wapakati wokhawo musiye. Ndi wa mwana."

"Mwanayo ndi wathu, si wanu," anatero osadzuka pampando. "Mkamwini asamakule mwendo. Pitani mukawerenge kalendala."

Mmawa mwake sindinafune kukwera pachulu. Ndinakwerabe. Wamanzere anaponya bwinobwino ngati mwa masiku onse, osadziwa kuti kuli dera lotchedwa Mwanza. A Luckson anandiposa ndi mapointi leveni.

Pa siteji dzina la Kochi linafa sabata yomweyo. Tsopano amanditchula Benchi. Zimenezo ndinapirira. Mvula inagwa, mitengo inachita maluwa, ine ndikuidutsa ngati ya eni. A Luckson anaizunguliza ndi mpanda wa minga, kakhomo kake n'kuyang'anitsa kunyumba kwawo.

Mwezi wa Juni uno, Loweruka masana, ndinali pakhonde ndikumanga tcheni cha njinga. Mtengo wapakati unali utalemera mpaka nthambi ina kutulukira pamwamba pa mpanda, mbali yathu. Iness anabwera kuchokera kosewera, anaima pansi pake, n'kunyanyamphira. Dzanja litagwira kale nachesi, mawu a Luckson anamveka kuseri kwa minga.

"Iwe! Wapempha ndani?"

Mwana anabweza dzanja ngati wagwira moto. Anayang'ana mtengo, n'kutembenukira kwa ine.

"Ababa, si wanga uwu?"

Deliwe anali pakhomo ndi lichero, akundiyang'ana.

"Ababa, ndipemphe kwa ndani?"

Ndinaloza ndi sipanala kunyumba kwa amalume ake.