Mkamwini wa Mayi Fainess

Mayi Fainess anagwa m'munda wa tiyi Lachiwiri lina m'mwezi wa Epulo, dengu lili kumsana. Anzawo othyola nawo ankayesa kuti angoterereka poti kunali kutagwa mvula, koma powadzutsa anapeza pakamwa patakhotera mbali imodzi, mkono wamanja uli lende. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Patapita milungu itatu mwendo unayamba kumvera, mkono nawonso pang'onopang'ono, koma mawu sanabwerere. Mayi amene kusikelo ankatchuka ndi kukangana ndi akapitawo anatsala ndi liwu limodzi lokha, lakuti "eya". Pofuna madzi ankati eya, pokana ankati eya, pomva ululu chimodzimodzi.

Eneless anapeza dzina lawo m'kaundula wa chipatala. Iye anali mtsikana wa kwa Goliati amene anaphunzira za ubongo ndi kayankhulidwe ku Blantyre, ndipo tsopano ankachita kafukufuku pa anthu amene mawu anawathawa, makamaka oyankhula Chilomwe ndi Chichewa chomwe. Mayi ake ankauza anzawo a kumvano kuti mwana wawo amaphunzitsa akuluakulu kuyankhula, anzawowo n'kumayesa nthabwala. Kafukufukuyo anali ndi malo a odwala khumi ndi awiri okha, ndipo lamulo lake linali lakuti pakatha milungu isanu ndi itatu popanda kusintha kulikonse, malowo apatsidwe kwa wina wodikira.

Ulendo woyamba anatsika minibasi pa Luchenza, n'kukwera kabaza kudutsa m'minda ya esiteti mpaka kumudzi wa m'mphepete mwake. Anapeza mayi Fainess ali pamphasa pakhonde, mwana wawo Ellen ali pambali pawo. Mwamuna wa Ellen, a Yesaya, anakhala patali pachitsa pansi pa mtengo wa mapeyala, atayang'ana kumbali.

"Mawu awo sanatayike, alipo," anafotokoza Eneless. "Mbali ya kumanzere ya ubongo ndi imene imawatulutsa, ndiye njira yake yagumuka ngati mlatho nthawi ya dzinja. Mlatho ukagumuka anthu amapeza podzera pena, koma podzerapo pamaoneka pokhapokha akamapondapo tsiku ndi tsiku."

"Mukawabwezera mawu onse, akapitawo akudandaulani," anatero Ellen. "Mungobweza theka."

Mayi Fainess anamumenya mwana wawoyo pantchafu ndi dzanja lamanzere, onse n'kuseka. Eneless anakondwa mumtima, poti kumva ankamva.

Anatulutsa makadi a zithunzi makumi awiri, omanga ndi kalabala: kapu, khasu, nkhuku, njinga ndi zina zotero. Anati m'mawa uliwonse munthu mmodzi azikhala nawo moyang'anizana, maondo kukhudzana, aziwaonetsa chithunzi ndi kutchula dzina lake, iwo akuyang'ana milomo ya munthuyo. Ellen ankapita kothyola tiyi kusanache n'kubwera dzuwa litapendeka. A Yesaya anali mlonda kufakitale, ankaweruka m'mawa n'kuswera pakhomo.

"Ndiye ntchitoyi ndi yanu, bambo," anatero Eneless mokweza mawu kuti amve pachitsapo.

"Ndamva, adokotala," anayankha a Yesaya, maso ali pansi.

Eneless ankabwera Lachiwiri ndi Lachisanu, dzuwa litakwera. Ankagwada pamaso pa mayi Fainess, n'kuika kachipangizo kojambulira mawu pamphasa, n'kukweza khadi. Mayiwo ankayang'ana chithunzi, kenako nkhope ya Eneless, milomo ikunjenjemera, thukuta lili pamphuno. Pamapeto pake kankatuluka ka "eya" komweko, iwo n'kutembenukira kukhoma. Anansi akakhalapo ankathamangira kuwayankhira. "Ndi khasu, agogo, nenani kuti khasu." Makadi aja ankawapeza pa zenera atamangidwa monga momwe anawasiyira, pamwamba pake pali fumbi.

Komabe panali tinthu tina timene ankationa. Chigwiriro cha supuni ya mayiwo chinali chitakulungidwa ndi mphira wa chubu cha njinga kuti dzanja lofookalo lizigwira bwino. Kuchokera pakhomo mpaka kuchimbudzi kunamangidwa chingwe pamitengo yozika, chofika m'chiuno. Madzi akumwa ankakhala nthawi zonse kudzanja lamanzere. Eneless ankati mumtima, mwana wamkazi ndiye uyu Ellen, atope chotere kumunda n'kumakumbukabe zonsezi.

Mlungu wachisanu ndi chitatu utayamba, a Mervin, mkulu wa kafukufukuyo, anamuimbira foni.

"Eneless, mtima wako ndikuudziwa. Koma mapepala a mayi a ku Thyolo aja ndi amodzimodzi kuyambira tsiku loyamba. Ku Bvumbwe kuli mphunzitsi wa zaka makumi anayi, mwezi watha akudikira. Lachisanu ukawayese komaliza. Pakapanda chosintha, ukatsanzike bwinobwino."

Lachiwiri lake atamaliza ndi mayiwo, Eneless anapita pachitsa paja. A Yesaya ankasoka dengu lothyolera tiyi lomwe linabooka pansi.

"Bambo, makadi aja simunawamasule ndi tsiku limodzi lomwe. Lachisanu likubwerali akapanda kutchula kanthu, ine sindidzabweranso. Kodi mukudziwa zimenezo?"

A Yesaya anaika dengu pansi. Kenako anafunsa, "Adokotala, kwanu n'kuti?"

"Kwa Goliati."

"Ndiye ndinu mwana wakonkuno. Bambo anu munawaonapo atakhala mphasa imodzi ndi mayi a mayi anu?"

Eneless anakumbukira bambo ake akupatukira m'munda wa nandolo pokumana ndi apongozi awo panjira, kulolera chisoso chiwamatirire m'thalauzi.

"Zaka khumi ndi zisanu ndili pamudzi pano," anapitiriza a Yesaya mofatsa. "Mano awo sindikuwadziwa. Lero ndikhale maondo kukhudzana, iwo aziyang'ana m'kamwa mwanga? Ine mwina n'kulimba mtima. Koma iwo matenda awavula kale zambiri. Ulemu wokhawo ndiwo awasiyira."

"Nanga bwanji simunandiuze tsiku lomwe lija?"

"Munayankhula pamaso pawo. Ndikanati chiyani?"

Pobwerera, Eneless anatsika kabaza pamtunda n'kuyenda wapansi pakati pa mizere ya tiyi wodulira kumene. Anadziwa kuti wataya milungu isanu ndi iwiri ya mayi uja chifukwa cha chinthu chimene mwana aliyense wa kwawo amachidziwa. Kusukulu anaphunzira mayina a timitsempha tonse ta lilime, koma pakhomo paja sanafunse n'komwe chifukwa chimene bambo aja ankakhalira patali. Anapemphera akuyenda, mawu ochepa, osadziwa kwenikweni choti apemphe.

Lachisanu kunacha ndi chiperoni, kamvula kowaza kosakanikirana ndi nkhungu. Eneless analawirira kusiyana ndi masiku onse, poti nkhani yotsanzika ankafuna kuithetsa msanga. Wakabaza anamutsitsa kumsewu chifukwa cha matope, iye n'kudzera kanjira ka kuseri kwa nyumba. Atafika pa nthochi anaima.

A Yesaya anali atakhala pansi kuseri kwa nyumbayo, msana atatsamira khoma, pansi pa kazenera ka chipinda cha apongozi awo. Jekete la kuntchito anali asanavule. Anaomba m'manja katatu.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

M'nyumbamo munali zii. Eneless, mwa chizolowezi cha ntchito, anayamba kuwerenga mumtima. Anafika khumi, anafika makumi awiri. Iye mwini akamayesa odwala ankadikira mpaka khumi basi, kenako n'kuthandiza. A Yesaya sanabwereze funso, sanakhosomole. Ankangoyang'ana nkhungu ikuyenda pamwamba pa tiyi. Atafika makumi anayi, pazenera panatuluka mawu olemera, okoka.

"Nda... dzu... ka."

"Tithokoze Mulungu. Nafenso tadzuka." A Yesaya anapukusa manja kuti afunde. "Kufakitale kulibe chachilendo. Koma dzulo kusikelo akapitawo abweza dengu la a Anesi. Akuti linadzaza ndodo."

Kunakhalanso chete, kotalika ngati koyamba kuja.

"Wa... bodza."

"Nanenso ndinatero. A Anesi ayambe lero kuthyola ndodo? Si inu munawaphunzitsa? Masamba awiri ndi..."

"Nso... nsonga." Kenako mayiwo anawonjezapo liwu lina la Chilomwe lonena akapitawowo, limene Eneless analimva bwinobwino koma sakanalilemba m'lipoti. A Yesaya anaseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka.

Eneless anatuluka pa nthochi paja. A Yesaya anadzidzimuka n'kufuna kuimirira, iye n'kuwakaniza ndi dzanja. Anagwada pambali pawo n'kunong'ona.

"Zimenezi zinayamba liti?"

"Pali milungu itatu kapena. Ndi moni chabe, adokotala. Munthu sungaweruke n'kukagona osapereka moni."

"Ndipo osandiuza?"

"Inu mumafunsa za makadi."

"Nanga mumadikira bwanji nthawi yonseyi?"

A Yesaya anamuyang'ana ngati wafunsa chifukwa chake madzi amatsetsereka. "Mkamwini adule apongozi mawu? Ukapereka moni umadikira mpaka ayankhe, kaya mvula ikukunyowetsa."

Eneless anazungulira n'kulowa m'nyumba. Mayi Fainess anali pabedi atafunda chitenje, ndipo atangomuona nkhope yawo inauma monga mwa masiku onse. Iye anagwada pansi, osawayang'ana kumaso.

"Amayi, ndakumvani. Ndikhululukireni, ndinali pa nthochipo. Lero sindikhala pamaso panu. Ndiika kachipangizoka pazenera, zithunzi ndizikupatsirani ndili panja, wofunsa akhala bambo a kuseriwa. Palibe amene akuyang'aneni. Mukulola?"

Mayiwo anagwedeza mutu movomera. "Eya."

Anakhala awiriwo kunja, misana kukhoma, chiperoni chikuwawaza. Eneless ankakweza dzanja n'kulowetsa khadi pazenera, a Yesaya n'kufunsa, "Amayi, chimenecho n'chiyani?" Kapu inatenga nthawi, koma inabwera. Nkhuku inabwera msanga. Khasu linabwera m'Chilomwe, Eneless n'kulemba momwemo. Njinga inakanika. Anamva mayiwo akupuma mwamphamvu, akuyesa, kenako khadilo linatulukira pazenera n'kugwera m'matope.

"Njingayo ayikana," anatero a Yesaya, akulipukuta pa jekete. "Sanayikondepo chiyambire."

Kawiri konse Eneless anatsegula pakamwa kuti athandize, ndipo kawiri konseko anaona a Yesaya ali phee, iye n'kutseka. Pa makadi makumi awiri, mayi Fainess anatchula asanu ndi awiri.

Eneless anakwera pachulu pomwe foni imagwira, n'kuimbira a Mervin. Anawatsegulira mawu ojambulidwawo kuti awamve mpaka kumapeto.

"Ndi mayi omwe aja?"

"Omwewo."

"Wofunsayo ndani?"

"Mkamwini wawo. Ali kuseri kwa khoma."

"Eneless, ena onse tawayesa maso ndi maso. Izi sindingaziike pamzere umodzi ndi zinazo."

"Ndikudziwa. Koma lamulo likuti pakhale kusintha. Silikunena kuti wofunsa akhale mbali iti ya khoma."

A Mervin anapumira m'foni. Anafunsa kuti anadikira nthawi yaitali bwanji pa liwu lililonse, iye n'kuwauza. Anafunsanso ngati pa odwala ena khumi ndi mmodzi aja pali amene amaswera ndi mkamwini kapena mtengwa. Eneless anawerenga pa zala n'kupeza anayi.

"Ulembe zonse monga zachitikira, ndi cholakwa chako chomwe. Mayiwo akhalebe. Koma mphunzitsi wa ku Bvumbwe uja sindikudziwa ndimuuza chiyani."

"Loweruka ndimakhala ndilibe chochita, ndizikamuona ine."

"Ukunena wekha. Usadzandidandaule."

Potsika pachulu anapeza Ellen atabwera, poti akapitawo anawaweruza msanga chifukwa cha nyengo. Anali ataima pakona pa nyumba, dengu lili kumsana, pepala la pulasitiki lomwe anavala m'chiuno likudontha madzi. Eneless anamuuza zonse, n'kuwonjeza kuti akumuthokoza chifukwa cha supuni ndi chingwe chija.

"Ine? Nthawi yake ndiipeze kuti?" Ellen analoza ndi mlomo kuseri kwa nyumba. "Ndi akuluwo. Amakonza amayi ali kubafa, kuti asawaone." Kenako anakweza mawu kuti a Yesaya amve. "Ndiye inu bambo a Tisungane, mumacheza ndi amayi anga milungu itatu, ine mwana wawo ndikungolandira eya?"

"Iwe umafunsa n'kudziyankha wekha," anatero a Yesaya. "Ngakhale ine sundipatsa mpata."

Ellen anafuna kubweza, koma pazenera panamveka kukhosomola. Onse atatu anatchera khutu. Chiperoni chinali chitayamba kuleka, ndipo kutali kunkamveka thirakitala yonyamula masamba ikukwera mtunda. Anadikira. Ellen anayamba kusuntha phazi, Eneless n'kumugwira pamkono.

"Ka... go... neni."

A Yesaya anaomba m'manja pang'ono. Maso awo anali ofiira ndi tulo.

"Zikomo, amayi."

Anatola dengu lawo losoka lija, n'kupereka makadi kwa Ellen. Eneless anakhala pakhonde n'kuyamba kumuonetsa Ellen pokhala akamacheza ndi mayi ake, chammbali pang'ono, nkhope itayang'ana kumunda.