Zotsatira Zitatu za Louisa

Louisa Kachingwe anamwa pilitsi loyamba pa 22 Malichi 2016, ali ndi zaka 29. Madokotala a ku Lusaka anali atamupeza ndi khansa ya m'magazi, ya mtundu woyenda pang'onopang'ono, ndipo anamuuza zinthu ziwiri. Choyamba, akamamwa pilitsi limodzi tsiku lililonse akhoza kukalamba ngati munthu wina aliyense. Chachiwiri, asadzatenge pakati akumwa mankhwalawo, chifukwa amapundula mwana ali m'mimba. Chachiwiricho sanachiganizire kwambiri. Pa nthawiyo anali asanakumane ndi Godfrey.

Anakwatirana mu Sepitembala 2018, n'kukakhala ku Dambwa North, mu mzinda wa Livingstone. Godfrey, wokonza mipope, ankadziwa zonse kuyambira pachiyambi ndipo sanadandaulepo. Louisa ankagwira ntchito yochapa ndi kusita pa hotela ina ya ku mathithi a Mosi-oa-Tunya. Agogo ake anachoka ku Dedza mu 1951 kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo banja lawo lonse linakula likuopa wotchi. Pilitsi ankamwa 7 koloko m'mawa, atadya. Mankhwalawo anamuyeretsa khungu, moti alamu ake ankanong'onezana kuti amadzola mafuta odziyeretsa. Ankamutupitsanso zikope, ndipo m'mawa uliwonse ankaoneka ngati wagona akulira.

Mankhwala ankapezeka ku Lusaka kokha, ulendo wa maola asanu ndi atatu pa basi, kamodzi pa miyezi itatu. Mu 2020, mliri utavuta, chipatala chinalola kuti wodwala wa kutali azitha kutuma mnzake. Wotumidwayo ankayenera kunyamula khadi la mnzakeyo ndi kapepala ka magazi oyezedwa konkuno ku Livingstone. Odwala atatu anagwirizana zosinthana: Louisa, ba Lungowe a ku Maramba, ndi ba Kufekisa, bambo wachilozi wogulitsa ziboliboli pa msika wa pafupi ndi mathithi. Mmodzi ankapita, n'kubwerera ndi mabotolo a onse. Mliri unatha koma chizolowezicho chinatsala.

Ba Lungowe anasiya okha mankhwala mu Malichi 2022, atauzidwa ku mapemphero kuti achira. Anaikidwa m'manda mu Januwale 2023. Kuyambira Novembala 2022 ba Kufekisa ndiwo ankapita ulendo uliwonse. Ankaukonda ulendowo, chifukwa ankagulirako mikanda ndi waya ku msika wa Kamwala. Louisa tchuthi chinkamuvuta: alendo akachuluka nsalu zochapa zinkafika pa denga, akachepa anzake ndiwo ankatenga masiku awo. Pobwera ndi botolo, ba Kufekisa nthawi zina ankabweretsanso uthenga.

"Ba nesi bakamba ati mukabwele mweka. Ati bafuna kwanja kwanu, batengepo magazi, osati khadi."

"Sizoni ya alendo ikasila nizayenda," ankayankha Louisa. Magazi ankayezetsa konkuno mosaphonya, ndipo kapepala kalikonse kankati zonse zili bwino. Timapepalato ankasunga m'chitini cha mabisiketi.

Mu Januwale 2025 anawerenga pa gulu la odwala la pa foni kuti mayi wina wa ku Ndola waloledwa ndi madokotala kusiya mapilitsi, ndipo ali ndi pakati. Louisa anawerenga uthengawo katatu ataima pakati pa mashitibedi onyowa. Anapempha tchuthi tsiku lomwelo.

Lachiwiri pa 18 Febuluwale, ku Lusaka, anakhala moyang'anizana ndi dokotala Mufalo, mayi wamng'ono thupi wolankhula mosathamanga. Louisa anayala timapepala take pa tebulo, tonse 19, motsatira madeti.

"Nifuna mwana, ba dokota. Mu Juni nikwanisa 39. Sininajombeko olo siku imozi."

Dokotala anayang'ana timapepalato kamodzikamodzi, mwaulemu, kenako anatisonkhanitsa n'kumubwezera.

"Mwasunga bwino, ba Kachingwe. Koma utu tumapepala tupenda chabe kuchuluka kwa magazi. Matenda yakabisama pansi, utu situona. Ilipo testi ina, ija yamene timatenga kuno na kutuma kunja. Ndiye ikamba ngati muntu angayese kuleka."

Anatembenuza kompyuta kuti Louisa aone. Panali mizere itatu: Febuluwale 2021, Novembala 2021, Ogasiti 2022. Yonse inali yabwino kwambiri. Pansi pake panalibe kanthu.

Dokotala anafotokoza mosabisa. Kusiya kumatheka kwa munthu amene wamwa zaka zingapo, ngati zotsatira za testi yakuyayo zakhala pansi zaka ziwiri zotsatizana, zoyezedwa kosachepera kanayi. Ngakhale atatero, pafupifupi theka la osiya amabwerera ku mapilitsi, ambiri m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, n'chifukwa chake wosiya amayezedwa mwezi uliwonse. Louisa anali ndi mpata wa miyezi 30 wopanda chotsatira. Palibe amene akanadziwa chimene chinkachitika m'magazi ake m'miyezi imeneyo.

"Sembe munapitiliza kubwela, sembe tinakamba izi mu 2023," anatero dokotala. Sanakweze mawu. "Tiyambe lelo. Febuluwale 2027 tizaona."

Anamutenga magazi. Ku malo operekera mankhwala Louisa analandira mabotolo ake ndi a ba Kufekisa, pamodzi ndi envulopu yomata yolembedwa dzina la bamboyo.

Lachinayi ataweruka anadzera pa msika wa ziboliboli. Mtsinje unali utadzala, nkhungu ya mathithi ikugwa ngati mvula ya mawawa, ndipo ba Kufekisa anali atafunditsa njovu ndi mvuu zawo pepala la pulasitiki. Anali ndi zaka 64. Anatsegula envulopuyo, n'kuitalikitsa, n'kuiyandikitsa.

"Magalasi nasiya ku nyumba. Nibelengeleniko, mwana wanga. Kapena banipasa nchito ya udokota."

Louisa anawerenga mokweza, akumasulira Chingerezicho. Kalatayo inkati ba Kufekisa ali ndi zotsatira zisanu ndi zinayi zotsatizana, kuyambira Novembala 2022 mpaka Novembala 2024, zonse zabwino. Ngati akufuna, abwere adzakambirane zoyesa kusiya mankhwala.

Ba Kufekisa anaseka mpaka kutsokomola.

"Ine? Nileke? Awe mwandi! Aka kapilisi ni kamukazi kanga kachibili, sikanishupa. Nileke kuti nizigona na mantha? Nili na bazukulu seveni, nifunanso chani? Bapaseko benangu."

Ataona nkhope ya Louisa anasiya kuseka. Louisa anapinda kalatayo m'mizere yake yomwe, n'kuwapatsa. Maulendo asanu ndi anayi aja anali kuwadziwa onse. Asanu mwa iwo anayenera kukhala ake.

Kwa Godfrey ananena zoona, koma mwachidule: zaka zina ziwiri. Godfrey anali akutsuka manja pa mpope wa kuseri. Anangoti, "Tizayembekeza," n'kupitiriza kuchotsa girisi m'zikhadabo. Louisa akanakonda Godfrey akanakalipa.

Loweruka pa 1 Malichi, 7 koloko itakwana, anatulutsa pilitsi m'botolo, n'kuliyang'ana, n'kuliponya m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa timapepala tija. Anadziuza kuti zotsatira zitatu zabwino si bodza. Ngati ba Kufekisa ali bwino, iye wamng'ono, wosajomba, angalephere bwanji? Anawerengera kuti akatenga pakati mu Epulo, mwana adzabadwa mu Januwale, ndipo tsiku lomwelo adzayambanso kumwa. Za ba Lungowe anayesetsa kusaziganizira. Ba Lungowe anasiya chifukwa cha mneneri. Iye ankasiya chifukwa cha masamu.

Pofika tsiku lachisanu nseru ya m'mawa inatha. Minofu ya m'miyendo inasiya kukokana. Ankasita tsiku lonse osatopa, ndipo anakumbukira mmene thupi lake linkamvekera asanakwanitse zaka makumi atatu. Zimenezi zinamupweteka kuposa mmene ankayembekezera.

Lachiwiri pa 11 Malichi, akudikira minibasi ya ku tauni, anamva dzina lake. Ba Kufekisa anali atakhala pa chitsa pafupi ndi msika, akupukuta mvuu yamtengo ndi polishi wa nsapato. Anamukodola. Atayandikira, anamuyang'anitsitsa kumaso nthawi yaitali.

"Ba Louisa, mwawama maningi masiku yano."

"Zikomo, ba Kufekisa."

"Sinikutamandani iyayi. Menso yanu yaleka kuvimba. Ine na imwe timauka monga bachule, zaka zonse izi. Manje imwe mwankala monga kamusikana ka pa Giledi Twelufu. Masiku yangati?"

Louisa anayang'ana kumsewu. Godfrey, amene ankagona naye chipinda chimodzi, anali asanaone chilichonse.

"Leveni."

Ba Kufekisa anaika mvuu pansi.

"Ba Lungowe naonso banawama so. Mukumbuka? Tinabakumana pa Maramba, banavala chitenge cha yelo, ati onani nachila. Ine ninakondwela, ninabagulila na Fanta. Sininakambe kantu chifukwa ninaona monga si nkani yanga. Bokosi yao ninanyamula ine kumutu, imwe munali kumbuyo na maluba."

"Ine niyosiyana. Ma rizauti yanga yanali bwino."

"Yanali. Mu 2022. Na ine mu 2022 ninali na meno yonse." Anatsegula pakamwa kumuonetsa mpata. Louisa sanaseke. Bamboyo anatsitsa mawu. "Na ine nili na mulandu. Ninali kukondwela na ulendo, na mikanda yanga ya ku Kamwala. Uthenga wa ba nesi ninali kuukamba monga ni moni chabe. Kasanu konse."

"Sikisi," anatero Louisa. "Munaniuza ka sikisi. Ya lasiti munaniuza pa geti ya hotela, mu Novembala, nili na mapilo ku manja. Ninayanka ati sizoni ikasila."

Minibasi inafika, kondakitala akuitana a ku tauni, n'kudutsa. Louisa sanaikweze dzanja.

"Ngati vinali votengeka, sembe nakupasani ma rizauti yanga yonse naini," anatero ba Kufekisa. "Ine yanipindulila chani? Koma magazi ni yanu. Tumilani ba dokota. Manje manje, nili pano."

Anaimba ali pomwepo. Anayankha ndi nesi, amene anamudikiritsa mphindi zinayi, kenako dokotala Mufalo anabwera pa foni. Zotsatira za pa 18 Febuluwale zinali zitafika dzulo lake, ndipo zinali zabwino ngati zitatu zija. Louisa anatseka maso. Akanatha kuthokoza n'kudula foni. M'malo mwake ananena za masiku khumi ndi limodzi aja, ndi chifukwa chake.

Dokotala anafunsa mosazungulira.

"Muli na pakati?"

"Iyayi. Naona kumwezi pa Sande."

"Yambani kumwa lelo, mukadya. Mwachita bwino kuniuza. Koma ba Kachingwe, sininganame mu faelo. Ija ya Febuluwale ni ya muntu wamene anali kumwa. Pakati apa pankala mupata. Tizayamba kupenda pa testi ya Meyi."

Meyi 2027. Louisa anawerengera ali chiimire: adzakhala atatsala milungu itatu kuti akwanitse zaka 41. Pamenepo ndiye adzayese kusiya, kenako miyezi ina ya kuyezedwa asanaloledwe kuyesa za mwana, ndipo mwayi woti mapilitsi asabwerere udzakhala theka. Miyezi makumi atatu anaitaya posadziwa kusiyana kwa mapepala awiri, ngakhale uthenga unamufika kasanu ndi kamodzi. Itatu yowonjezerayi anaitaya akudziwa.

Ba Kufekisa anatulutsa botolo lawo m'thumba la jekete, n'kugwedezera pilitsi limodzi m'dzanja la Louisa. Anamugulira chitumbuwa kwa mayi wa pafupi, n'kumupatsa madzi a m'chigubu chawo. Louisa anadya, n'kumeza. Inali 5:20 madzulo. Kwa zaka zisanu ndi zinayi anali asanamwepo pilitsi pa ola lina kupatula 7 koloko.

Kunyumba anapeza Godfrey akumanga waya wa nkhuku, dzuwa lisanalowe. Anatenga chitini cha mabisiketi, n'kuchitsegula pamaso pake. Mapilitsi khumi ndi limodzi anali pamwamba pa timapepala. Godfrey anawawerenga ndi chala, kenako anakhala pansi pa njerwa.

"Sembe unafa chifukwa cha ine?"

"Chifukwa cha ine neka."

"Ine nifuna iwe, Louisa. Mwana akabwela, abwele. Akakana, akane." "Koma sininaone. Masiku leveni, sininaone olo pang'ono."

Louisa anabwezera mapilitsiwo m'botolo limodzilimodzi. Timapepala 19 tija sanatitaye. Anatibwezera m'chitini motsatira madeti.

Lolemba pa 19 Meyi anakwera basi ya 9 koloko m'mawa. Zikope zinali zitatupanso. Woyang'anira zochapa anali atadandaula kuti alendo ayamba kuchuluka, ndipo Louisa anamupatsa pepala la masiku onse amene adzasowe mpaka 2027. Ba Kufekisa anabwera ku siteshoni ndi khadi lawo, chifukwa ulendo uno anati atsale, ndiponso ndi kapepala kolembapo mitundu ya mikanda yoti akawagulire.

"Yofiila ikasoba, osagula ya pinki. Bazungu sibaikonda."

Basi inadutsa sikelo ya magalimoto n'kulowa msewu wa ku Zimba. Pa mpando wa kutsogolo kwake panali mayi wina ndi khanda la miyezi ngati inayi, litatsamira pa phewa, likumuyang'ana ndi maso osaphethira. Louisa analiyang'ana mpaka ku Kalomo. Kenako anapempha bambo wa pawindo kuti asinthane malo, aziyang'ana kunja.