Mafayilo Amasiye

Nyerere anakhala m'kachipinda kakuseri kwa kiliniki, momwe seva, kompyuta yosunga mafayilo a kiliniki, inkang'ung'udza pakati pa makatoni a magolovesi ndi ndowa yokolopera. Ankamutchula choncho chifukwa anali mtsikana wamng'ono woyenda osamveka. Pa sikirini panali nambala yomwe ija ya dzulo ndi dzana: 500. Tsamba la pa intaneti la kiliniki linkakana kutseguka, ndipo pulogalamu yokumbutsa odwala tsiku lotenga mankhwala inali isanatumize uthenga kwa masiku atatu.

Pulogalamuyo analemba ndi achimwene ake, omwe anamwalira miyezi iwiri yapitayo. Iye ankangowaonerera akaweruka kusukulu, ndiye anamwino aakulu anamuitana, ati mwina kanthu kanamutsalira m'mutu.

Anatsegula fayilo yomwe seva imalembamo zolakwika. Pakati pa mizere ya Chingerezi panali umodzi wa Chichewa, wolembedwa m'mawa womwewo sikisi koloko: "Akundikaniza kulowa. Taona chilolezo, mlongo wanga, usachite mantha."

Nyerere anauwerenga kawiri. Ankadziwa ndithu kuti achimwene ankalemba mauthenga a zolakwika ngati akucheza, kuti azimuseketsa pomuphunzitsa. Komabe anacheuka. Mzerewo unalipo dzulo, unaliponso dzana, ola lomwelo, ngati munthu wogogoda pakhomo la nyumba yake yomwe.

Atafufuza mwini wa mafayilo, sanapeze dzina. Panali nambala chabe, 1004. Mlembi wa kiliniki, bambo wa magalasi okhuthala, anavomera mosavuta kuti Lolemba anafufuta akaunti ya malemuwo, poti lamulo limati wosiya ntchito asatsale ndi makiyi. Sankadziwa kuti mafayilo atsala amasiye, ndipo seva yasiya kuloledwa kuwakhudza.

Njira zinalipo ziwiri: kutsegulanso akaunti m'dzina la achimwene, kapena kusamutsira mafayilo onse m'dzina lake. Nyerere, maso ali pansi, anapempha yoyambayo.

"Fomu yake asaina ndani, mwanawe? Ndipite nayo kumanda?" anatero mlembi. Atamva yekha zomwe wanena, anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya, nthawi yaitali.

Anamwino aakulu anasuzumira. Sanakalipe. Anangoti agogo ena a matenda a shuga sanabwere dzana, ndipo munthu yemwe amawawerengera mauthenga sasuntha foni isanalire.

"Madzi akatayika saoleka, mwanangu," anatero. "Koma otsala mumtsuko, timamwa."

Atatsala yekha, Nyerere analembera kompyuta lamulo losinthira mwini wa mafayilo. Linali lalifupi, losakwana mzere. Analiyang'ana mpaka sikirini inada, n'kugwedeza mbewa ya kompyuta kuti iwalenso. Akadina batani, vuto litha, ndipo mawa sikisi koloko sipadzakhala womutchula mlongo. Akapanda kudina, azimumva m'mawa uliwonse, agogo aja ali kunyumba ndi botolo lopanda kanthu.

"Pepani, achimwene," ananong'ona. Anadina.

Mafayilo anatsika pa sikirini, iliyonse itanyamula dzina lake. Anayendetsa pulogalamu. Palibe cholakwika chinalembedwa. M'khonde, pa benchi ya odikira, foni ina inalira, kenako inanso patali.

Mlembi anafuula kuti tsamba latseguka, abwere adzaone. Nyerere sanadzuke msanga. Ndi pamene anazindikira kuti m'mawa wonsewo mapazi ake sankafika pansi. Mpando unali udakali pa msinkhu wa achimwene, mwini wake. Anagwira kachitsulo kotsitsira, n'kukasiya.