Malipiro a Mlamu

Adokotala atafika kunyumba Loweruka masana anapeza chitseko cha kukhitchini chazulidwa, chili chotsamira kukhoma. Amuna awiri a kusitolo ankalimbana ndi firiji yaikulu ya zitseko ziwiri imene inkakana kulowa, ndipo mlamu wa Adokotala, mlongo wa akazi awo, anaima pakati pa bwalo atapinda manja a shati n'kumalamula kuti ipendekeredwe uku, ikwezedwe uko. Mapasa a Adokotala ankathamanga mozungulira katoni. Mayi awo ankangoseka, dzanja lili pakamwa.

"Alamu, mwabwera bwino. Tagwirani pansipo, mwina mankhwala anu agwira ntchito," anatero mlamuyo.

Adokotala anaika chikwama pansi nagwira. Firijiyo inali yolemera, ndipo pamene inkadutsa pakhomo inawakanda chala. Palibe anaona.

Sanali dokotala wa anthu. Dzinali anawapatsa kuntchito, pakampani yogulitsa mapulogalamu a m'masitolo, chifukwa kompyuta yoti ena aitaya mtima iwo ankaidzutsa. Seva, kompyuta yaikulu ija yosunga zonse za kampani, netiweki, mawaya onse a m'denga, zonsezo zinali m'manja mwawo kuyambira kampaniyo ili ndi zipinda ziwiri zokha. Mlamu wawoyu anamulowetsa ntchito ndi iwo. Anabwera atangomaliza koleji, nsapato zobwereka, ndipo Adokotala anachita kumuchonderera kwa abwana, n'kumukhazika pambali pawo chaka chathunthu. Lero mnyamatayo ndiye ankalemba pulogalamu ya pafoni imene makasitomala ankaikonda, ndipo alendo akabwera, abwana ankawatengera kudesiki kwake.

Pachakudya mlamuyo sanabise kanthu, poti anali pakati pa abale. Ananena kuti malipiro anamukwezera mwezi wathawu. Iye anangolowa n'kuuza abwana kuti kampani ina ikumunyengerera, basi nkhani inathera pomwepo. Atatchula zimene ankalandira tsopano, Adokotala anasiya kutafuna. Zinaposa zawo, ndipo sizinapose pang'ono. Mlamuyo anapitiriza kuti firiji imene anagulira mlongo wakeyo sinachokere m'malipiro ayi, inachokera ku kaganyu kena: ankalembera pulogalamu eni sitolo ina yaikulu, pa laputopu ya kuntchito yomwe ija, masana ntchito ikachepa.

"Inunso, bambo a mapasa, bwanji osakapempha?" anafunsa akazi awo. "Taonani mwana wadzana uyu."

Ananena mwachikondi, koma Adokotala anangomva mawu akuti mwana wadzana. Anayang'ana mmene akazi awo ankamuonjezerera mlongo wawo nyama m'mbale, mmene mapasa ankakanganirana kukhala pamwendo pa amalume.

Sabata yotsatira inali yaitali. Desiki yawo inali pakona, pafupi ndi kachipinda ka seva kamene kankangolira usana wonse, ndipo kuchokera pamenepo ankaona bwino mpando wa mlamu wawo pawindo. Ankaona mahedifoni atsopano, kuseka kwake ndi atsikana a malonda, khofi wogula wa m'kapu ya pepala. Iwo anthu ankawakumbukira pulinta ikatafuna pepala. Tsiku lina mlamuyo anawaitana kuti intaneti yake ikuchedwa, ndipo Adokotala anagwada pansi pa desiki yake kusintha waya, nkhope yawo ili pafupi ndi nsapato zonyezimira. Atadzuka, mawondo a buluku ali fumbi, anapita molunjika kwa mlembi kukapempha tsiku loonana ndi abwana.

Anakonzekera bwino ndithu. M'basi ankabwereza mumtima zimene akanene: zaka zimene agwira, tsiku lija magetsi anapsereza seva iwo n'kupulumutsa zonse za makasitomala, maholide amene sanapite chifukwa panalibe wowasiyira. Analumbira kuti dzina la mlamu wawo salitchula.

Abwana anali mayi wodekha, wa magalasi, amene sankadula munthu mawu. Anamvetsera zonse, akugwedeza mutu. Anavomereza kuti kampaniyo inaima pamsana pa Adokotala, kuti iwo sanaiwale za seva ija, ndipo sadzaiwala. Kenako anati chaka chino zinthu zathina, makasitomala akulipira mochedwa, koma chaka chamawa nkhaniyi idzakhala yoyamba kuiona. Anayamba kusonkhanitsa mapepala awo, kusonyeza kuti atha.

Adokotala sanadzuke pampando. Chaka chamawa anali atachimva chaka chatha.

"Koma wa mafoni uja ndalama zake zinapezeka," anatero.

Abwana anawayang'ana pamwamba pa magalasi. Anati malipiro a munthu wina si nkhani yokambirana m'chipinda muno, komabe, poti ayitchula, mnyamatayo amabweretsa makasitomala atsopano, ndipo kampani ikamutaya ingavutike kupeza wina.

"Makasitomala amabweretsadi," anatero Adokotala, "koma si kwa inu nokha."

Abwana anaika mapepala pansi nafunsa tanthauzo lake. Adokotala akanatha kunena kuti pakamwa pawaterereka, kuti ndi mkwiyo chabe. Anaganizadi zotero. Koma anakumbukira fumbi la m'mawondo lija, ndipo anafotokoza zonse: sitolo ija, laputopu, nthawi ya masana. Abwana sanadabwe mokweza. Anangoti popeza netiweki ili m'manja mwawo, awabweretsere umboni wa zimene zimadutsa pa laputopuyo. Ntchitoyo sinawatengere nthawi. Anaichita mwaluso, monga ankachitira ntchito zawo zonse, mlamu wawo ali chapompo akumvetsera nyimbo.

Lachisanu mlamuyo anaitanidwa mu ofesi ya abwana. Anatulukamo nkhope itagwa, napereka laputopu ndi khadi la pakhomo kwa mlembi. Podutsa pakona anagwira phewa la Adokotala nati tionana kunyumba. Madzulo omwewo abwana anaitana Adokotala n'kuwauza kuti malipiro awo akwera kuyambira mwezi uno, ndipo pulogalamu ya pafoni aziyamba aisamala iwo mpaka atapezeka munthu. Anawathokoza chifukwa cha kukhulupirika. Sanawapatse dzanja.

Adokotala anayembekezera kuti mtima ukhala pansi. Anakhala pampando wa pawindo uja, natsegula pulogalamuyo, n'kupeza kuti theka la zolembedwamo sakulimva. Munthu amene akanamufunsa anali atapita. Atsikana a malonda anasiya kuseka iwo atakhala pamenepo.

Kunyumba sananene za malipirowo tsiku limenelo, ngakhale mawa lake. Lamulungu masana mlamuyo anabwera. Anakhala pasofa mopanda nthabwala, mapasa akumukoka manja iye osawaona. Anati eni sitolo aja nawonso amusiya atamva kuti ntchito yawo inkalembedwa pa makina a kampani ina, akuopa milandu. Nyumba imene ankakhala inali yodula, ndipo lendi ya mwezi wamawa sakanaikwanitsa. Sanaloze munthu chala. Anati kupusa kunali kwake.

"Munandiphunzitsa nokha, alamu, kuti pa netiweki palibe chobisika. Ine ndinaona ngati ndakula."

Anapempha kuti akamafunsira ntchito kwina azitchula Adokotala monga munthu womudziwa bwino, chifukwa panalibenso wina pakampanipo amene akanamunenera zabwino. Adokotala anavomera, maso ali pa tebulo.

Mlamuyo atatuluka ndi mapasa kukagula buledi, akazi a Adokotala anatsala akupukuta makapu. Anapukuta kapu imodzi nthawi yaitali.

"Kodi kuntchito kwanuko, amene amaona zodutsa pa netiweki ndani?"

"Ndi ntchito yanga," anayankha Adokotala. "Abwana akalamula, ine ndingakane bwanji?"

"Nanga abwanawo anayamba bwanji kukayika?"

Adokotala anati mabwana ali ndi makutu ambiri. Akazi awo sanatsutse. Anafunsa ngati anapitadi kukapempha zija anakambirana, ndipo Adokotala, poona kuti mwezi ukatha zidzaonekabe, anati anapita, ndipo awakwezera. Anayesa kunena mokondwa, koma mawu anatuluka opyapyala. Mayiwo anafunsa tsiku limene anapitalo. Atauzidwa, anaika kapu pashelefu, napinda kansalu kopukutira bwinobwino.

Sanakuwe, sanalire. Analowa kuchipinda kwa mapasa, ndipo Adokotala anamva bedi likukokedwa, zidole zikuthiridwa m'katoni. Atasuzumira anapeza akazi awo akuyala shiti yatsopano, ija ankaisungira alendo.

"Mlongo wanga akhala nafe mpaka atapeza ntchito," anatero osatembenuka. "Adya pano, avala pano, ndipo thiransipoti yofunira ntchito azitenga kwa inu. Ndalama zakwerazo zafika nthawi yabwino."

"Mumuuza?" anafunsa Adokotala motsitsa mawu.

"Ine ayi. Muzikhala naye patebulo tsiku lililonse, akukuthokozani. Mukadzatopa nazo, mudzamuuza nokha."

Panja panamveka mapasa akubwera, akukangana za amene anyamule buledi. Akazi awo anawapatsira ngodya ya shiti, ndipo Adokotala anaigwira, nayamba kuipinda pansi pa matiresi.